Dzina la Apongozi pa Kabati

Tryphena anafika pakhomo panga atakhala pamwamba pa matumba a mtedza, m'kalole kochokera ku Magodi. Ine ndimagulitsa kapenta ndi nyemba mumsika wa Lundazi, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kuli kachipinda kamene ndimasungiramo masaka. Mayi ake ndinkaimba nawo kwaya ku Mwase tili atsikana, ndiye ubale wathu ndi umenewo basi. Anatsika ndi chikwama chimodzi, mapoto awiri, ndi chinthu chachikulu chokutidwa ndi chitenje chodetsedwa ndi utsi. Anyamata a lole anachitsitsa akudandaula misana.

"Nanga ichi nichani, mwana wanga?" ndinamufunsa.

"Ni mashini yosokela, amama. Ndiye chuma changa chonse."

Nditavundukula chitenjecho ndinaseka, Mulungu andikhululukire, pamaso pa mkazi wamasiye. Anali makina akale opondera ndi mapazi, okhala pa kabati yamatabwa ya madilowa mbali zonse. Mutu wake unali wakuda bii ndi mwaye. Miyendo yachitsulo inali itadyeka ndi dzimbiri, mbali imodzi ya kabati chiswe chinali chitamaliza, ndipo pamwamba panali zitosi zouma, chifukwa nkhuku inkaikira pamenepo. Gudumu ndinaligwira ndi manja awiri koma silinasunthe.

Tryphena anabadwira ku Mwase, m'banja la ana aakazi okhaokha. Sukulu anasiyira panjira, ndipo kusoka anaphunzira kwa azakhali ake amene anali ndi kamakina kopukusa ndi dzanja. Anakwatiwa ku Magodi ndi Mabvuto Mtonga, mlimi wa fodya, munthu wosalankhulalankhula. A kwa Mtonga anapereka ng'ombe za malowolo zonse osatsala ndi imodzi yomwe, ndipo panthawiyo anthu anati mtsikanayu wachita mwayi. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, Taizya. Mwanayo atangoyamba sukulu, Mabvuto anadwala chifuwa mvula ili kumapeto, ndipo fodya asanaume anali atamwalira.

Maliro atatha, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kugawana katundu. Wotsogolera anali Philemon, mkulu wake wa malemuyo. Ng'ombe, ngolo, njinga, malata amene anali asanakhomedwe, zonse zinapeza eni ake. Makina aja anali m'khitchini, ndipo palibe anawafuna. Anali a bambo a Philemon ndi Mabvuto, malemu Haswell Mtonga, amene anabwera nawo kuchokera kumigodi n'kukhala telala wa dera lonselo mpaka maso atafooka. Philemon anawagogoda ndi phazi n'kunena kuti, "Ichi tengani, mulamu, muzikaikapo mbale."

Za mwana sanazengereze. Kwathu kuno ng'ombe zikapita, mwana ndi wa kuchimuna. Tryphena anagwada n'kupempha kuti apite naye. Philemon anayankha pamaso pa anthu onse kuti, "Mupita naye kuti, muzamudyetsa chani? Mukapeza chomudyetsela, mubwele tikambilane." Mawu amenewo Tryphena anawamanga pansonga ya chitenje, ndipo ndi amene anamunyamulitsa chitsulo chakufacho mpaka kuboma.

Ine ndinamuuza kuti apite kupolisi, masiku ano kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Anapukusa mutu. Anati munthu sungamutengere kupolisi pamene mwana wako akudya m'mbale ya mkazi wake. Ndinakwiya.

Kuseri kwa msika kuli a Whiteson Ngulube, mkulu wokonza njinga, mbaula ndi makina osokera. Diso limodzi linachita ng'ala, ndipo amagwira ntchito ngati dzuwa sililowa. Tinawapititsira makinawo pa wilibala. Anawazungulira, ananunkhiza pa gudumu, kenaka anatokosa ndi msomali n'kutulutsa zinthu zomata ngati ulimbo.

"Ndani anali kuthilamo saladi umu?" anafunsa.

Anali apongozi ake aakazi a Tryphena. Amuna awo atamwalira, gogoyo ankati makina a malemu asachite dzimbiri, ndiye ankawadontheza mafuta ophikira mpaka naye anatsikira kulichete. Chikondi chimenecho ndi chimene chinawapha. Mafuta ophikira akakhalitsa amauma, ndipo anali atagwira kachitsulo kalikonse m'kati.

A Whiteson anati palibe njira yachidule. Anamasula mutu wa makinawo, anachotsa tizitsulo tonse totheka kuchoka, n'kutiviika m'beseni la palafini. Zimene zinakana kumasuka anazisiya kuti zimwe. Tryphena akafunsa kuti zitha liti, ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amake Taizya." Mwambi umenewo ndinafika podana nawo.

Kuti apeze palafini ndi kangachepe ka a Whiteson, Tryphena ankatungira madzi amayi ophika zakudya mumsika, kusenda mtedza wa anthu, ndi kuchapa zovala zakaunjika, za salaula, zisanapachikidwe. Dzuwa likapendeka ankapita kukakhala pa chitini pafupi ndi beseni lija, n'kumakwecha tizitsulo ndi mswachi wakale. Khungu la zala linasupuka. Ankanunkha palafini mpaka ndinamuletsa kugwira kapenta wanga, chifukwa makasitomala anayamba kundifunsa ngati ndikuphikira pa nyali. Akabwera kunyumba ankangogwera pamphasa, nthawi zina osavula ndi nsapato zomwe.

Kachitsulo konyamula ulusi wapansi kanapezeka kuti n'kosweka. M'masitolo a kuboma munali ta makina atsopano tokha, tosalowa. A Whiteson anakumbukira kuti kumudzi wina ku Mwase kuli makina amtundu womwewo amene anapsa ndi nyumba. Tryphena anapita wapansi, anapeza mwini wake ali kumaliro, anabwerera, n'kupitanso sabata yotsatira. Anabwera nako atakamanga m'kansalu, mapazi atatupa. Lamba woyendetsa gudumu makoswe anali atadya kalekale, ndiye a Whiteson anadula wina pa chikopa cha ng'ombe, anamufewetsa, n'kumulumikiza ndi kawaya.

Chapakati pa zonsezi Tryphena anapita ku Magodi kukaona mwana. Anamupeza ali ndi zipere m'mutu, atabereka kumsana khanda la mkazi wa Philemon, nthawi imene anzake anali m'kalasi. Sikuti ankamuzunza, ayi. Pakhomopo ana ndi ambiri, ndipo wopanda mayi ndi amene amatumidwa. Taizya anamufunsa kuti, "Amama, mwabwela kunitenga?" Tryphena anati posachedwa. Atabwerako sanadye, ndipo m'mawa mwake anali woyamba kufika kwa a Whiteson, eni ake asanatsegule.

Gudumu linadzazungulira tsiku lina masana, popanda mwambo uliwonse. A Whiteson analigwedeza uku ndi uku monga ankachitira masiku onse, ndipo linangolola. Koma kuzungulira si kusoka. Singano inkatsika n'kukwera osatola ulusi, ikatola inkadumpha, ikapanda kudumpha inkadula. Mkuluyo ankamasula, kusuntha pang'ono, kumanga, kuyesa pa kansanza, n'kumasulanso. Ine ndinatopa ndi kungoonerera kokha. Pamene mzere woyamba unatuluka wowongoka, Tryphena anautenga n'kuukoka ndi mphamvu kuti aone ngati uthothoke. Sunathothoke, ndipo anakhala pansi n'kuphimba nkhope.

Inatsala kabati. Ine ndinati akhome thabwa lililonse, bola makina akhale pamalo, ayambe ntchito. A Whiteson sadziwa kusiya chinthu chili chonyansa. Anapeza chitseko chakale cha mlombwa, anadulapo mbali imene chiswe chinadya ndi matako a madilowa. Matabwa otsalawo anati apalidwe mpaka mtengo weniweni uoneke. Anaphwanya botolo, n'kumuonetsa Tryphena kupala ndi chigalasi, motsata mitsempha ya thabwa. Mwaye, mafuta ndi zitosi za zaka zambiri zinkagwa ngati gaga. Pansi pake panali thabwa lofiirira bwino, ndipo ngakhale ine ndinavomera kuti n'lokongola.

Akupala thabwa lakutsogolo, pamene mimba ya wosoka imagunda, panayamba kuoneka zilembo. Anthu akale kuno ankaotcha msomali pamoto n'kulemba dzina pa goli, pa mpando, pa chilichonse chimene ankachikonda. Tryphena anapala pang'onopang'ono mpaka dzina lonse linatuluka: HASWELL MTONGA. Anaika chigalasi pansi, anakonza chitenje chake, n'kugwada. Dzina limenelo sanalitchulepo ndi pakamwa pake chikwatiwire, chifukwa mkamwana satchula dzina la apongozi aamuna, ngakhale atamwalira.

A Whiteson analiyang'ana ndi diso lawo labwino lija. "Ili tipale," anatero. "Silinalowe kwambili. Nipitepo na chopalila matabwa, lizatha."

"Iyayi, adada."

"Mvela akulu, iwe," ndinalowerera ine. "Dzina ili lizakuitanila alendo."

"Amama, ni agogo ake a Taizya. Nifafanize dzina la apongozi na manja anga? Ananilandila bwino pamudzi paja. Mwana akazakula nizamuuza chani?"

Ndinamuuza kuti akufa sadya, ndi amoyo amene amalanda. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kulemba. Iye anangokhala chogwada, maso pansi, monga amachitira akatsimikiza mtima. A Whiteson anapukusa mutu, napaka vanishi pamwamba pake. Dzinalo linada bwino n'kuwala, moti munthu ankatha kuliwerenga ali patali.

Mwini sitolo ina pafupi ndi msika anamulola kukhala pakhonde. Mutu wa makinawo utapukutidwa unaonetsa maluwa agolide amene palibe ankadziwa kuti alipo, ndipo anthu ankaima kungoti aone. Ntchito inayamba kubwera: kuchepetsa mathalauza a salaula, kuika zipi, kusoka zitenje za amayi a mvano. Sizinali zolemeretsa, koma ufa ndi sopo ankagula yekha. Anasoka kadiresi ka Taizya, anagula kamphasa kachiwiri, ndipo anakalankhula ndi aphunzitsi a sukulu yapafupi za malo. Miyezi imeneyo ndi yokhayo imene ndinamumva akuimba pochapa.

Kenaka anatumiza uthenga ku Magodi kuti alamu abwere adzaone. Ndinamuuza kuti angonyamula ufa ndi kadiresiko apite nazo, umboni wakwana. Iye anati Philemon sangakhulupirire za m'manja, adzati wapatsidwa ndi mwamuna. Ankafuna aone ndi maso ake kuti ntchito ilipo, ndipo ndi yoyera.

Philemon anabwera nthawi yogulitsa mtedza, ali ndi amalume ake, mkulu wa ndodo. Tryphena anawaphera nkhuku, ndipo nkhukuyo inali yanga. Atadya anawatengera kukhonde kuja. Philemon anaima patsogolo pa makinawo nthawi yaitali. Anatsegula madilowa n'kutseka. Anapondako chopondera, gudumu linayenda mwakachetechete. Kenaka anawerama n'kuyendetsa chala pa zilembo zija.

"Adada," anatero.

Analira. Ndikanakonda kunena kuti inali misozi yabodza, koma ndinali pomwepo, inali yeniyeni. Anati pa makina amenewa bambo ake anamusokera kabudula wake woyamba wa kusukulu, ndipo iye ankakhala pansi pake kumasewera ndi chopondera mpaka amukalipire. Amalume aja nawo anavula chipewa. Tryphena anamwetulira, akuganiza kuti mitima yafewa.

Philemon anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Yewo, mulamu. Mwachita bwino kutisungila."

"Kusunga? Alamu, munanipatsa. Anthu onse anamva."

"Tinakupatsani poika mbale. Sitinadziwe kuti ikali na moyo. Katundu wa adada sakhala pakhonde ya sitolo, dzina lawo kumaonedwa na aliyense wopita. Ifunika ibwelele pamudzi."

Amalume anavomereza ndi mutu. Tryphena anagwada pa simenti pomwepo, anthu akudutsa.

"Nanga mwana? Munakamba kuti nikapeza chomudyetsela tizakambilana."

"Ndiye tikambilana apa. Mashini ikapita kumudzi, muzamudyetsa chani?" Sanakweze mawu, ndipo ndikuganiza kuti m'mutu mwake ankaona kuti akunena zanzeru. "Koma pamudzi paja ni panu, mulamu. Sitinakupitikitseni. Ana ofuna mayunifomu ni ambili. Mukafuna kusoka muzibwela, muzisokela kwathu."

Apo ine ndinaiwala kuti ndine mayi wa mvano. Ndinamufunsa kumene anali pamene mtsikanayu ankasupuka zala ndi palafini. Ndinamufunsa chifukwa chake dzina la bambo ake silinamupweteke pamene nkhuku inkalinyera. Anthu anasonkhana. Ena anali mbali yanga, koma ambiri, amayi omwe, ankawerama kuwerenga thabwalo n'kumati, "Koma dzina lilipo." Ndinati tipite kupolisi tsopano lino, makinawo asasunthe.

Amene anandiletsa ndi Tryphena. Anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Amama, nikakana, sazanilola kumuona mwana." Anadzuka, anachotsa nsalu ya kasitomala imene inali pa singano, anaipinda, n'kutulutsa lumo ndi ulusi wake m'dilowa. A Whiteson anabwera atamva phokoso.  Anachotsa lamba ndi manja awo kuti anyamata asamudule pokweza, anakulunga mutu wa makinawo m'saka, ndipo anauza Philemon kuti asadzathiremo saladi. Makinawo anabwerera ku Magodi pamwamba pa minibasi, miyendo ili m'mwamba.

Papita zaka ziwiri tsopano. Tryphena akadali m'kachipinda kanga, ndipo anabwerera kotunga madzi ndi kusenda mtedza. Anayesa kubwereka makina a telala wina masiku amene mwini wake kulibe, koma zimenezo sizidyetsa munthu mmodzi, nanji awiri. Wachepa thupi, ndipo sakonda kucheza. Ine ndatopa kumukalipira, naye watopa kundimvera, ndiye timangokhala.

Sukulu zikayandikira kutsegulidwa, uthenga umabwera kuchokera ku Magodi, ndipo amanyamula lumo lake n'kupita. Amamutulutsira makinawo pakhonde la Philemon. Amasoka mayunifomu a ana a m'mudzimo ndi zigamba za akuluakulu, ndipo zimene anthu amalipira zambiri zimatsala pakhomopo, poti makina ndi a pamudzi. Masiku amenewo Taizya satumidwa. Amakhala pambali pa mayi ake, kuwalowetsera ulusi pa singano ndi kutola tinsalu togwa, ndipo amagona mphasa imodzi. Mulu wa zosoka ukatha, mkazi wa Philemon amayamba kufunsa za minibasi yobwerera kuboma.

Mayi wina wa ku Magodi amene amagula nyemba kwa ine anandiuza kuti mlendo wanga uja ndi telala waulesi. Anati kadiresi kamodzi amakhala nako tsiku lonse, ndipo anthu ayamba kudandaula. Ndinadabwa, chifukwa ndinamuonapo akumaliza thalauza kasitomala ataima pomwepo. Nditamufunsa Tryphena, anayang'ana kumbali.

"Nimasoka, amama. Akachokapo anthu nimasula, niyambanso." Kenaka anaonjezera kuti, "Manje ayamba kuona. Akuti ngati nichedwa azapeza telala wina."

Sabata yatha uthenga wabweranso. Dzulo Tryphena anaima pakhomo la nyumba yanga, akupotokola nsonga ya chitenje, n'kundifunsa ngati ndili ndi zovala zong'ambika. Akufuna apite nazo ku Magodi, akanene kuti ndi ntchito ya makasitomala a kuboma, kuti mulu ukule popanda womunena kuti akuchedwa. Ndinalowa m'chipinda n'kutulutsa mathalauza akale a malemu amuna anga, mabulauzi othothoka m'khwapa, ndi nsalu ya pawindo. Nditaunjika ndinaona kuti n'zochepa, sizingamugoneke kumeneko ngakhale usiku umodzi woonjezera. Ndinatenga siketi yanga ya ku tchalitchi, yabwinobwino, ndinaing'amba kuyambira m'chiuno mpaka pansi, n'kuiika pakati pa mulu kuti Tryphena asaione msanga.